Nyanga ya Kudenga kwa Anganga

Kwathu ndi ku Malosa, m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi chigwa cha Domasi chimene chilekanitsa phiri la Malosa ndi phiri la Zomba. Ndinabadwira komweko, ndipo imvi zandimerera komweko. Ubwana wanga unathera pobusa mbuzi ndi popirikitsa anyani m'munda, kotero kuti kuwerenga ndi kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi ana, pa sukulu ya kwacha, monga momwe ambiri a inu mukuchitira.

Nkhani imene ndifuna kukuuzani ndi ya nyanga imodzi ya ng'ombe. Nyanga imeneyo inatsala pang'ono kuipitsa dzina la munthu wosalakwa, inatsala pang'ono kutivulaza ndi moto, ndipo pambuyo pake inatsala pang'ono kutichoka pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Zonsezi zikadachitika chifukwa chakuti sitinadziwe chimene tinagwira m'manja.

Tsiku logwetsa nyumba

Anganga, amayi awo a mayi anga, anamwalira atakalamba kwambiri. Papita tsopano zaka zoposa 30. Maliro atatha, abale tinasonkhana kuti tigwetse nyumba yawo monga mwa mwambo wa makolo. Anyamata anakwera padenga nayamba kusasula udzu. Posakhalitsa mphwanga anafuula kuti wapeza kanthu kotsomekedwa pakati pa mapaso. Kanali kamtolo kokulungidwa m'chikopa, kakuda bii ndi mwaye wa zaka zambiri. Anakaponya pansi, ndipo amalume anamasula luzi lake. M'katimo munali nyanga.

"Nyanga!" anafuula mayi wina, nathawira kuseri kwa nkhokwe.

Inu mudziwa kuti kwathu kuno mawu akuti nyanga ali ndi matanthauzo awiri. Pali nyanga ya pamutu pa nyama, ndipo pali nyanga imene anthu aiopa, ya mankhwala oipa. Tsikulo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za tanthauzo loyambalo. Pabwalo panangoti zii. Kenaka manong'onong'o anayamba. Wina anakumbutsa za mwana amene anafa mwadzidzidzi zaka zapitazo. Wina anati n'chifukwa chake nkhalambayo inakhalitsa moyo chotere. Mayi anga anakhala pansi nayamba kulira, ndipo kulira kwawo kunali kowawa koposa kwa tsiku la maliro. Anganga anali munthu wopemphera ndi wodyetsa alendo, koma tsopano dzina lawo linali kugwera m'matope iwo asanathe mwezi m'manda.

Amalume, pofuna kuti manyazi athe msanga, anati, "Sonkhani moto ndi udzu womwewu. Titenthe chinthuchi anthu onse akuona."

Moto unayaka. Amalume anapana nyangayo ndi timitengo tiwiri, pakuti sanafunenso kuikhudza ndi dzanja. Pamenepo mkulu wina amene anakhala phee patsinde pa mango anakweza ndodo yake. Anali nkhalamba ya msinkhu wa anganga, ndipo pa unyamata wake anali mlenje wodziwika m'midzi yonse ya m'tsinde mwa phiri.

"Taimani, ana inu," anatero. "Safunsa anadya phula. Bwerani nacho kuno ndichione."

"Atate, musachigwire," anatero amalume.

"Ndinagwira zotere inu musanabadwe. Tandipatsani."

Anailandira ndi manja awiri. Anaipukuta mwaye ndi nsonga ya malaya ake, naitembenuza uku ndi uku. Anainunkhiza, naigwedeza pafupi ndi khutu lake. Kenaka anaseka pang'ono, nati, "Iyi ndi nyanga ya wonga. Ndipo wonga ulimo. Mukadaiponya pamotopo, bwenzi lero tikuyamba maliro ena."

Zimene mlenje anatisonyeza

Anthu sanakhulupirire msanga, choncho mkuluyo anatiitana kuti tisendere pafupi. Ine ndinakhala pa mapazi ake, ndipo zimene anatisonyeza ndizikumbukira bwino kufikira lero.

Choyamba anatisonyeza mbali yaikulu ya nyangayo, imene inali ku mutu wa ng'ombe. Inali yotsekedwa ndi thabwa losemedwa mwaluso, lolowa ndendende, lokhomedwa ndi tizikhomo ta mtengo kuzungulira. M'mphepete mwake munali momatidwa phula kuti chinyezi chisalowe. Anati chitseko chimenechi sichitsegulidwa ayi, chikhala chomwecho moyo wonse wa nyangayo.

Chachiwiri anatisonyeza kunsonga. Nsongayo inali yodulidwa ndi yobooledwa, ndipo pabowopo panali kachitsekero ka mtengo komangiriridwa ndi kachingwe kuti kasatayike. Wonga ulowera pomwepo ndipo utulukira pomwepo.

Chachitatu, kufupi ndi nsonga kunali mzere wosemedwa mozungulira, momangamo lamba. Mbali imodzi ya nyangayo inali yosalala ndi yonyezimira koposa inzake. Anati mbali imeneyo ndiyo inali kukhula m'nthiti mwa mwini wake pa maulendo ake onse.

Chachinayi, anaikweza kuloza kudzuwa, natiuza kuti tiyang'ane. Nyangayo inali yopalidwa mpaka kupyapyala, kotero kuti kuwala kunali kudutsa mbali ya pamwamba, koma m'munsi munali mdima. "Pamene pathera mdimapo," anatero, "ndi pamene pathera wonga. Mlenje safunika kutsegula kuti adziwe wotsala."

Chachisanu, m'kati munali mouma. Poigwedeza inali kulira ngati mchenga. Munalibe mafuta, munalibe ubweya kapena mikanda. Ndipo m'chikopa muja munatsala kanthu kena kamene ife sitinakaone: kansonga ka nyanga ya gwape, kotalika ngati chala, kamphako. Kameneka kanali kamuyeso. Mlenje wanzeru sathira wonga m'mfuti kuchokera m'nyanga mwachindunji, chifukwa m'mfuti imene yangowomba kumene mukhoza kutsala kakhala ka moto, ndipo moto ukakwera ndi wongawo nyanga yonse iphulikira m'manja. Ayamba wathira m'kamuyeso, natseka nyanga, ndipo pamenepo athira m'mfuti.

Ine ndinafunsa kuti, "Agogo, nanga nyanga zina tizizisiyanitsa bwanji ndi imeneyi?"

Anati nyanga ya mankhwala kawirikawiri ikhala yaing'ono, ya gwape kapena ya nyama ina yotero. Mankhwala aikidwa kuchokera ku mbali yaikulu, ndipo nsonga ikhala yosadulidwa. Nyanga yolumikira odwala ikhala yotsegula ku mbali yaikulu, ili ndi kabowo kakang'ono kunsonga koyamwirapo mpweya. Nyanga ya fodya wa mphuno ikwana m'chikhato, ndipo fungo lake silibisika. Lipenga loitanira anthu lili ndi bowo loombera, ndipo kukamwa kwake n'kotsegula kuti mawu atuluke. Ya wonga ndiyo ikhala ndi thabwa lokhomedwa kumbuyo, kachitsekero kutsogolo, ndi lamba wopachikira paphewa.

Anatiuzanso chifukwa chake makolo anasankha nyanga. Nyanga silowa madzi, choncho wonga ukhala wouma ngakhale pa mvula. Ndi yopepuka, ndipo kupindika kwake kugwirizana ndi thupi la munthu. Koposa zonse, nyanga ikagunda mwala sithetheka moto monga chichitira chitsulo.

Pofuna kuthetsa makani, mkuluyo anathira pang'ono pa phale, zosakwana kadzala nsonga ya supuni. Tinali timibulu takuda. Anatuma mnyamata kuti akaike phalelo kutali, natseka nyanga, naipereka kwa ine kuti ndipite nayo kuseri kwa nyumba ina. Kenaka anayatsa bango lalitali nakhudza paphalepo. Kunamveka kuti fuu! Utsi woyera unakwera, ndipo fungo longa la dzira lovunda linafika mpaka kumene ndinaima. Amayi anaomba m'manja. Mayi anga anapukuta misozi. Koma inu awerengi musayese zimenezi. Mkuluyo anaidziwa ntchito yake, ndipo wonga wotsalawo anaukhuthulira m'ndowa yodzaza madzi tsiku lomwelo.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti wonga upangidwa ndi zinthu zitatu. Pa magawo 100 alionse, 75 ndi mchere wa mtundu wina wotchedwa saltpetre, 15 ndi makala, ndipo 10 ndi sulufule, amene apereka fungo lija. Anayamba kuupanga ndi anthu a ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo. Madzi asungunula mcherewo ndipo wonga ufa mphamvu, koma ukakhala pouma ukhoza kuyaka ngakhale patapita zaka 100.

Mwini wake wa nyanga

Madzulo a tsikulo tinakhala pamoto, ndipo mlenje uja anatiuza kuti nyangayo inali ya atate awo a anganga. Iye anawaona ali mwana, ndipo ndi iwo amene anamuphunzitsa kugwira mfuti.

Kuti mumvetse, ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kale m'dera lino munali Anyanja, amene ena awatcha Amang'anja. Cha m'ma 1860 kunafika Ayao kuchokera kum'mawa, ndipo mafumu awo anakhazikika m'mapiri: Malemia kuno kufupi ndi Domasi, Kawinga ku phiri la Chikala, kumpoto kwa nyanja ya Chilwa. Ayao anali akatswiri a malonda a kutali. Aulendo awo anali kuyenda masabata ambiri kupita ku nyanja yamchere, ku Quelimane ndi ku Kilwa, atanyamula minyanga ya njovu ndiponso akutsogoza akapolo. Pobwerera anali kusenza nsalu, mikanda, mfuti, ndi wonga wa m'timigolo.

Mfuti zimenezo ndizo tizitcha gogodera. Zina zinali zakale zimene asilikali a ku Ulaya anasiya kugwiritsa ntchito, zina zinapangidwira malonda ku Birmingham m'dziko la England ndi ku Liège m'dziko la Belgium. Zambiri zinali ndi mawu akuti TOWER ndi chithunzi cha chisoti chachifumu pa chitsulo cha pambali. Zinali zothirira kukamwa: wonga poyamba, kenaka kachiguduli, kenaka chipolopolo, ndipo zonsezi anali kuzigogoda ndi ndodo yachitsulo kuti zitsike. Zakale kwambiri zinali kuyaka ndi mwala wothetheka moto, ndipo zotsatira zake zinali kuyaka ndi fataki, kachipewa kakang'ono ka mkuwa. Mtovu ukasowa, osula anali kudula zitsulo, ngakhale miyendo ya miphika yachitsulo, kuti zikhale zipolopolo.

M'chaka cha 1884 amishoni a ku Scotland anatsegula mishoni ya Domasi m'dziko la Malemia, ndipo amene anaiyamba anali Alexander Hetherwick. Mu 1890 maiko ambiri anapangana mu mzinda wa Brussels kuti achepetse malonda a mfuti ndi wonga m'chigawo chino cha Afrika, pofuna kuthetsa ukapolo. Mu 1891 Angerezi anatenga ulamuliro wa dziko lino, ndipo Harry Johnston anakhazikitsa Boma ku Zomba. Mu 1895 ankhondo a Kawinga anatsika kudzathira nkhondo midzi ya Malemia kufupi ndi mishoni ya Domasi, koma asilikali a Boma anawabweza, nakalanda malo ake pa Chikala chaka chomwecho. Mlenje uja anati mwini nyangayo anali mmodzi wa amuna amene anateteza mudzi masiku amenewo. Nkhondo zitatha, gogodera zinatsala za alenje, zophera nguluwe ndi anyani oononga minda.

Titamva zimenezi mitima yathu inakwera. Amalume anati, "Kodi ndiye kuti tinachokera kwa ngwazi?"

Mkuluyo anakhala chete kanthawi, akuyang'ana pamoto. Kenaka anati, "Munachokera kwa ngwazi, inde. Koma funsani kuti wonga wa m'nyangamo unagulidwa ndi chiyani. Asanateteze mudzi, munthu yemweyo anayenda nawo maulendo a ku nyanja yamchere. Ndipo mkazi wake, amayi awo a malemuwa, sanabadwire kuno. Anagwidwa ali kamtsikana ku mudzi wina wa Anyanja, ndipo kwawo sanakuonenso."

Palibe amene anayankha. Ife titsata mtundu wa kuchikazi, choncho tonse amene tinakhala pamotopo tinali zidzukulu za kamtsikana kogwidwako, ndiponso zidzukulu za munthu wa mfutiyo. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Panatsala funso limodzi: chifukwa ninji anganga anaibisa kudenga? Yankho lake linali la Mchape. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka anthu oyenda m'midzi ndi mankhwala akumwa ndi kagalasi, onena kuti athetsa ufiti. Anayambira cha ku Mulanje, nafika mpaka ku maiko amene lero tiwatcha Zambia ndi Tanzania. Kulikonse kumene anafika anali kulamula kuti anthu atulutse nyanga zonse, ndipo zinali kuunjikidwa milu pa mphambano. Pa chipwirikiti chotere panalibe nthawi yosiyanitsa nyanga ya wonga ndi nyanga ya mankhwala. Anganga, amene anali mayi wachitsikana masiku amenewo, anaopa kuti chinthu chokhacho chimene atate awo anawasiyira chidzatayika, kapena kuti chidzawatchulitsa mfiti. Anachikulunga m'chikopa nachibisa, ndipo nyumba iliyonse imene anamanga anasamuka nacho mwakachetechete.

Nsupa za mkuwa za ku Ulaya

Nyangayo inakhala m'manja mwa amalume. Ine chidwi changa chinakula, ndipo ndinayamba kufunsa kulikonse za zotengera za wonga. Mnzanga wina wa ku Songani anandisonyeza chake. Agogo ake anali onyamulira mfuti Mzungu wina wosaka nyama, ndipo anapatsidwa nsupa ya mkuwa ndi kathumba kachikopa. Masiku amenewo n'kuti nditayamba kuzindikira zilembo, choncho tinakhala pakhonde tikuwerenga chimodzichimodzi. Pakhosi pa nsupayo panalembedwa DIXON & SONS, ndipo m'munsi mwake SHEFFIELD. Zina ndinadzaziphunzira kwa mwana wa mlongo wanga, amene anandiwerengera m'mabuku a anthu osonkhanitsa zinthu zakale.

Nsupa zotere zinapangidwa zambirimbiri m'zaka za m'ma 1800, makamaka ku Sheffield ndi ku Birmingham. Maina odziwika kwambiri ndi James Dixon & Sons, G. & J. W. Hawksley, ndi Sykes. Thupi lake ndi zipande ziwiri za mkuwa wopyapyala, zodindidwa maluwa, zigoba, agalu kapena mbalame, ndi zolumikizidwa m'mbali, kotero kuti mukayendetsa chala mupeza msoko. Pamwamba pali kampopi ndi kogwirira kamene mukakankha ndi chala chachikulu kachitseko ka m'kati katseguka. Mlenje atseka kampopiko ndi chala, nazondotsa nsupa, natsegula kachitseko kuti kampopi kadzaze, natsekanso. Kampopi komweko ndiko muyeso.

Kusiyanitsa chotengera cha wonga ndi cha tizipolopolo tating'ono tophera mbalame n'kosavuta kwa munthu wodziwa kuwerenga. Pa kampopi ka wonga palembedwa DRAMS, ndi manambala monga 2½, 2¾ ndi 3. Pa kampopi ka tizipolopolo palembedwa OZ, ndi manambala monga 1, 1¼ ndi 1½. Tizipolopolo ndi tolemera ndipo sitiopa moto, choncho kawirikawiri tinali kusungidwa m'thumba lachikopa lokhala ndi pakamwa pa mkuwa kapena pa chitsulo. Nsupa zina za ku England zili ndi chidindo cha ngodya zinayi chokhala ndi zilembo ndi manambala m'makona mwake. Chidindo chimenecho chinagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883, ndipo chisonyeza nthawi imene chithunzi cha pansupapo chinalembetsedwa ku Boma la kwawoko. Zitabwera mfuti zothirira kumbuyo, zimene chipolopolo chake chili kale ndi wonga m'kati, ntchito ya nsupazi inatha pang'onopang'ono.

Munthu wa galimoto

Chaka china, mwezi wa February, nkhokwe zili mbee ndipo chimanga chisanache, kunafika munthu wa galimoto wogula zinthu zakale zokagulitsa kwa alendo. Mbiri ya nyanga yathu inali itamufika. Anaitenga, naiyang'ana mosalabadira, nati, "Iyi ndi nyanga wamba, zilipo zambiri. Koma poti ndabwera kale, ndikupatsani kangachepe." Ndalama zimene anatchula zikadagula nkhuku ziwiri. Amalume anakana, ndipo iye anapita.

Patapita masiku atatu anabweranso. Apo ndinadziwa kuti nyangayo si wamba, pakuti munthu saotcha mafuta ulendo wachiwiri chifukwa cha chinthu chachabe. Tsikulo anabwera ndi nsupa ya mkuwa yokongola, ya chithunzi cha mbalame. Anati, "Bambo, iyi ndi ya nthawi ya Livingstone, mtengo wake uposa nyanga khumi. Tisinthane, ndipo ndiwonjezerapo thumba la ufa."

Ana anali ndi njala, ndipo ndinaona kuti mtima wa amalume wagwedezeka. Sindiwadzudzula, pakuti njala ilibe ulemu. Ndinapempha kuti ndiione nsupayo. Inali yolemera koposa ya mnzanga wa ku Songani. Chithunzi chake chinali chosaoneka bwino m'mphepete, koma pamalo pogwira dzanja panalibe kuperepeseka. Kuda kwake kunali kofanana ponseponse ngati kopaka, pamene chinthu chakale chida m'makwinya ndi kuwala pamene zala zikhudza. Nditainunkhiza m'kati sindinamve fungo la wonga. Kenaka ndinaitembenuza, ndipo pafupi ndi khosi ndinaona tizilembo tating'ono timene wina anayesa kutifafaniza. Ndinatiwerenga pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira ku sukulu ya kwacha: I, T, A, L, Y.

David Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa mu 1859, ndipo anamwalira mu 1873. Koma nsupa zolembedwa ITALY motero ndi za masiku ano. Zinayamba kuchuluka cha m'ma 1960, zopangidwira anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka amene akonda kuwombera mfuti zachikale pa masewera. Zina zotero zipangidwa ku India. Si zoipa pa zokha, koma munthu wachinyengo azidetsa ndi mankhwala kuti zioneke zakale.

Ndinati, "Amalume, chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Taonani zilembo izi." Ndinawawerengera mokweza. Mlendoyo analandira nsupa yake, nalowa m'galimoto osatsazika. Ufa tinakaupeza ndi ganyu, monga zaka zonse.

Kuyambira pamenepo ndiuza anzanga kuti chizindikiro chimodzi sichikwana. Dzina la wopanga likhoza kudindidwa monama. Yang'anani msoko, kulemera, kuperepeseka ndi fungo, zonse pamodzi. Yang'ananinso timisomali tozungulira togwira khosi. Takale tili ndi mzere umodzi pamutu, ndipo ta mtanda tinayamba m'zaka za m'ma 1930, choncho pa nsupa ya m'ma 1800 sitiyenera kupezekapo. Nyanga nazonso zikhoza kunamiziridwa ukale poziika ku utsi masabata angapo, koma utsi sungasalalitse mbali imodzi monga zichitira nthiti za munthu pa zaka 20.

Mukapeza yotere kwanu

Nyanga ndi nsupa zotere zikhoza kukhala zikadalipo m'madenga ndi m'mabokosi a m'midzi yathu. Mukaipeza, musathamangire kumoto. Ikani kutali ndi moto ndi fodya, ndipo musatokose m'kati ndi msomali kapena waya. Ngati muli wonga, kapena ngati mwapezanso mfuti yake, kauzeni a mfumu ndi apolisi, pakuti kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu. Musaikweche ndi mchenga kapena phulusa pofuna kuti iwale, chifukwa kuda kwakeko ndiko umboni wa zaka zake. Ipukuteni ndi kansalu kouma, muisunge pouma posafika dzuwa, ndipo muziiyang'ana kawirikawiri popeza pali tizilombo todya nyanga ndi chikopa.

Musafulumire kugulitsa. Lamulo la dziko lathu silola kuti zinthu zakale za mbiri ya dziko zituluke kunja popanda chilolezo cha Boma. Ngati banja silingathe kuisunga, kuli nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, kumene zinthu zotere zisamalidwa kuti ana a dziko lonse aziziona.

Ndipo inu amene mwaphunzira kulemba, chitani chimene anganga sanathe kuchita. Funsani akuluakulu akadali moyo, mulembe pa pepala dzina la mwini wake, mudzi wake, ndi ntchito imene anagwira nayo, ndipo pepalalo mulisunge pamodzi ndi chinthucho. Anganga akadasiya mizere itatu yokha m'chikopa muja, mayi anga sakadalira kawiri.

Amalume atamwalira, nyangayo inabwera kwa ine. Ndinaipachika m'nyumba poonekera, ndipo pepala lake lili m'kathumba komangirira ku lamba. Pa pepalapo ndinalemba ndi dzanja langa maina awiri, la mwamuna wa mfuti ndi la mkazi amene anagwidwa ali kamtsikana. Adzukulu anga akafunsa, ndiitsitsa, ndi kuwasonyeza thabwa, kachitsekero ndi mbali yosalala ija, kenaka ndiwapatsa pepalalo kuti awerenge okha.